Njovu ya Rick Dalton

Akuluakulu anati ukakwera pamsana pa njovu usamati kulibe mame. Sindinamvepo za munthu wa kwathu kuno amene anaikweradi njovu, ndipo olima m'mphepete mwa nkhalango ya Kasungu kapena ya Liwonde angakusekeni mutawauza kuti mukufuna kuyesa. Koma mame tonse timawadziwa. Aliyense amene analawirirapo kumunda kapena kuchigayo udzu utatalika mpaka m'chiuno amadziwa mmene amalowera: amayamba ndi zala za kumapazi, kenako chitenje kapena buluku limamata m'miyendo, ndipo pofika kumsewu umakhala ngati wawoloka mtsinje. Woyenda patsogolo ndiye amawamwa onse. Wachiwiri amanyowa pang'ono. Wonyamulidwa amafika ali wouma bwinobwino, n'kumadabwa kuti anzakewa akunjenjemera ndi chiyani.

Ife amene tinakula tikulipira tindalama tathu pakhomo la vidiyo, m'tinyumba tamdima totseka mawindo ndi makatoni, tinali ndi lamulo limodzi lopanda wotsutsa: mwini filimu safa. Amuwombere ali pahatchi, amukankhe kuchokera pamwamba pa nyumba yosanja, galimoto yake igubuduke katatu n'kuyaka moto, iye adzuka basi, n'kusasa fumbi pamapewa. Tinkakuwa mpaka mawu kusasa. Chimene sitinkadziwa n'chakuti wogwayo anali wina, wodzukayo wina. Pakati pa kugwa ndi kudzuka pamadutsa lumo la wolumikiza zithunzi, ndipo munthu amene wathyoka nthiti amachotsedwa mwakachetechete kamera isanatembenuke. Ku Hollywood munthu ameneyu amamutcha stuntman. Ine ndimutcha womugwera, poti ntchito yake ndi yomweyo, kugwa m'malo mwa wina.

Filimu ya Quentin Tarantino ya 2019, Once Upon a Time in Hollywood, ndi ya anthu awiri otere. Leonardo DiCaprio ndiye Rick Dalton, katswiri wa pa TV amene dzuwa lake lapendeka. Brad Pitt ndiye Cliff Booth, womugwera wake. Onse awiri ndi opeka, koma anawaika m'chaka chenicheni, 1969, mumzinda weniweni, Los Angeles, ndipo nyumba ya Rick ili pa Cielo Drive, kugundana mpanda ndi ya wotsogolera mafilimu Roman Polanski ndi mkazi wake Sharon Tate. Amene simunaionere mundikhululukire, ndiulula mathero ake, chifukwa nkhani yanga yagona komweko.

Imayamba ndi macheza a pa TV a masiku amene Rick anali pachimake, akusewera ngati Jake Cahill, kauboyi wosaka zigawenga mu pulogalamu ya Bounty Law. Mtolankhani akufunsa kuti mnzakeyu amagwira ntchito yanji. Rick akufotokoza mwaulemu kuti iye atagwa pahatchi n'kubinya mkono, ntchito yonse ingaime, choncho Cliff alipo kuti azimuthandiza kusenza katundu. Cliff akuvomera, kumwetulira kuli pakona pa mlomo. Akhala moyandikana, avala mofanana, moti poyang'ana mofulumira ungati ndi pachibale. Koma mawu akuti kuthandiza aja ndi onyenga. Wokwera sathandizana ndi njovu kusenza katundu. Katunduyo ndi iyeyo.

Loweruka, pa 8 February 1969, Rick anakumana ndi Marvin Schwarz, mkulu wopezera anthu a zisudzo ntchito, m'lesitilanti yakale ya Musso & Frank. Mkuluyu, amene akuseweredwa ndi Al Pacino, sanamubisire mawu. Anamuuza kuti Bounty Law inatha kalekale, ndipo masiku ano amangomuitana m'mapulogalamu a ena kuti akhale chigawenga, mnyamata watsopano amumenye kumapeto. Sabata ino wamumenya uyu, sabata yamawa uyo. Oonera saona chigawenga chikumenyedwa, amaona Jake Cahill, ndipo akazolowera kumuona ali pansi ndiye kuti zatha. Bola apite ku Italy, kumene akupanga mafilimu a makauboyi. Rick anatuluka panja misozi ili chuchuchu. Cliff anavula magalasi ake akuda n'kumupatsa kuti anthu asaone. Taganizani: zibakera zimene zikumuliritsa Rick ndi zongoyerekeza, ndipo munthu amene thupi lake lakhala likulandira zenizeni ndiye akumutonthoza.

Ndiye pali nkhani ya galimoto. Rick anamulanda laisensi chifukwa choyendetsa ataledzera, choncho Cliff, amene ntchito yogwa yayamba kumusowa, ndiye dalaivala, ndiye wotumidwa, ndiye wokonza zowonongeka pakhomo. Madzulo amenewo anaimika Cadillac ya abwana pabwalo, n'kulowa m'kagalimoto kake kotha penti, ka Karmann Ghia. Kamera inamutsatira mtunda wonse, kutsika m'mapiri a anthu olemera, kudutsa m'magetsi a mumzinda, mpaka ku Van Nuys, kumene amakhala m'kanyumba kokoka ndi galimoto kuseri kwa bwalo loonetsera mafilimu panja. Apa Tarantino sanabise chilichonse: munthuyu amagona kuseri kwa kanema.

Ndimakonda kubwereza kachigawo ka m'kanyumbako. Muli galu, Brandy, wa mtundu wa pit bull, chifuwa ngati mtondo. Cliff akutsegula zitini za chakudya chake pang'onopang'ono, n'kuzizondotsa pamwamba pa mbale kuti chakudyacho chitsike chokha ndi kugwa phwaa. Galu wakhala pampando, thupi lonse likunjenjemera ndi njala, koma sakutsika. Akalira pang'ono, mbuye wake akumudzudzula. Cliff akuphika makaroni a m'paketi, sakuvutika n'kufuna mbale, adyera m'poto momwemo kutsogolo kwa ka TV kakang'ono. Kenako akuliza lilime kamodzi, ndipo galu akudumpha ngati watayidwa ndi legeni. Poyamba ndinkaona ngati ndi kachigawo kongosangalatsa okonda agalu. Pambuyo pake ndinazindikira kuti galuyo ndi chithunzi cha mwini wake, mphamvu yoopsa imene yaphunzira kudikira chilolezo. Ndipo nthawi yomweyo, kumtunda kuja, Rick ali pampando woyandama pakati pa dziwe lake losambiramo, tambula ya mowa m'manja, akuloweza mawu a sewero la mawa mothandizidwa ndi tepi. Ali pamwamba pa madzi, koma sakunyowa. Wolemba filimuyi sanaumvepo mwambi wathu, ndikhulupirira, koma anaujambula ndendende.

Tsiku lotsatira ndilo mtima wa filimu. Rick anapita kukajambula pulogalamu ya Lancer, kumene anamumata ndevu ndi tsitsi lalitali mpaka nkhope imene amadyera inabisika. Rick anatuma Cliff kukakonza eriyo ya TV imene inagwa ndi mphepo. Sanafune makwerero, anadumphira pampanda, kuchoka apo padenga, n'kuvula malaya. Pamenepo ndi pamene timaona zipsera. Thupi lonse ndi kaundula wa mafilimu a Rick Dalton, ndipo ntchito imene akugwira pamwambapo ndi yoti nkhope ya Rick ioneke bwino pa TV madzulo.

Kumalo ojambulira, Rick anakhala pafupi ndi kamtsikana ka zaka 8, Trudi Fraser, kosewera naye limodzi, kolankhula ngati agogo. Kanamufunsa za buku limene anali kuwerenga. Iye anafotokoza kuti ndi nkhani ya Easy Breezy, katswiri woweta mahatchi olusa, amene kale panalibe womuposa, koma anagwa n'kuvulala m'chiuno, ndipo tsopano tsiku lililonse likamacha phindu lake likucheperachepera. Asanamalize, mawu anamutsamwa, misozi n'kutsika. Akudzimvera chisoni, akuona kuti bukulo likunena za iye. Koma Rick Dalton anavulala liti pogwa pahatchi? Chiuno chakecho chinavulala kuti? Chisungeni chiuno chimenechi, tichifuna kutsogoloku.

Si bwino kumuseka kwambiri Rick, ngakhale filimu imatilola. Ataiwala mawu kamera ikujambula, chifukwa cha matambula 8 a mowa a dzulo lake, anakadzitsekera m'kanyumba kovaliramo, kuswa zinthu, kudzitukwana, mpaka kuloza chala munthu wa m'galasi n'kumuopseza kuti akalakwitsanso amuwombera. Ndi zoseketsa, inde. Koma aliyense amene anaimapo pamaso pa anthu, kaya pasiteji, kaya paguwa, kaya kutsogolo kwa kalasi, mutu n'kuchita mdima, amadziwa kuti manyazi nawo amaluma ngati njuchi. Rick anabwerera n'kusewera mwa ukatswiri umene iye mwini anaiwala kuti anali nawo. Mkati mwa seweroli anakankhira kamtsikana kaja pansi. Atafunsa ngati kavulala, kanati kavala zotchinjiriza m'mikono, ndipo kudzigwetsa n'chinthu chimene kamachita kokha ngakhale popanda malipiro. Mwana wa zaka 8 amadzigwera yekha! Kenako kanamunong'oneza kuti sikanaonepo kusewera kwabwino chotero, ndipo bambo wamkuluyo misozi inalenganso. Ndiye kuti nayenso ali ndi mame ake, kungoti ake amachokera m'maso. Amaopa kuiwalika, ndipo ku Hollywood kuiwalika ndi maliro opanda nyimbo.

Pamene Rick akusewera ukauboyi m'tauni yamatabwa, pali kamera, pali wolamula kuti dulani, Cliff analowa m'tauni ina yamatabwa mmene munalibe wolamula. Anatenga mtsikana wina woimitsa magalimoto pamsewu n'kukamutula ku Spahn Ranch. Malowa analikodi. Kale ankajambulirako mafilimu a makauboyi, koma pofika 1969 mwini wake, George Spahn, anali nkhalamba ya zaka pafupifupi 80, maso atafa, ndipo gulu la zigawenga la Charles Manson linali litamanga msasa pamenepo. Cliff akuyenda pakati pa msewu wafumbi, anthu akutuluka m'makomo mmodzimmodzi, onse chete, maso ali pa iye. Ndi chithunzi chimene tinachiona kambirimbiri m'nyumba za vidiyo zija, mlendo akulowa m'tauni ya adani. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno mipeni ndi yeniyeni. Palibe anamutuma. Anangofuna kuona ndi maso ake kuti mkulu amene ankagwira naye ntchito kale ali moyo. Anaumirira mpaka analowa m'chipinda, anamudzutsa, ndipo mkuluyo sanamukumbuke n'komwe. Potuluka anapeza tayala la Cadillac ya Rick lili ndi mpeni. Anamenya wolibayayo mpaka magazi, n'kumuimirira kuti alisinthe.

Madzulo ake awiriwa anakhala pampando, mowa uli m'manja, kuonera Rick pa pulogalamu ya The F.B.I. Eriyo ikugwira bwino. Cliff akuyamikira mmene mnzake wadumphira kuchokera m'galimoto. Za ku Spahn Ranch filimu sitionetsa akuzitchula.

Apa pali msampha, ndipo ambiri oonera amagweramo: kuyesa kuti popeza Rick ndi wofooka, Cliff ndi woyera mtima. Funsani amene njovu inawalowera m'munda wa chimanga usiku umodzi. Ku Hollywood ya m'filimuyi aliyense amanong'ona kuti Cliff anapha mkazi wake n'kupulumuka mlandu. Timaona kachithunzi kafupi: ali paboti, mkazi akumulalatira, iye wakhala chete, mfuti yolasira nsomba ili pamiyendo, yaloza kwa mayiyo. Basi, lumo ladutsa. Filimu siyankha, koma buku limene Tarantino analemba pa nkhani yomweyi mu 2021 linavomera kuti anamuphadi. Chete amene timamusirira uja, chete wa munthu wosadandaula, ndi chete yemweyo amene anali paboti.

Palinso ndewu yake ndi Bruce Lee, pamalo ojambulira The Green Hornet, pamene Cliff anamuponyera pachitseko cha galimoto mpaka chinapindika. Mwana wa Lee, Shannon, anadandaula poyera kuti bambo ake anawaonetsa ngati munthu wodzitama wongolongolola, ndipo ine ndili kumbali yake. Lee anamwalira mu 1973, sangadziyankhire. Kuti munthu wopeka aoneke wamkulu, anapondereza munthu weniweni, amene anavutika kuti Hollywood imuwerengere ngati munthu. Njovu ikamadutsa sifunsa kuti munda ndi wa yani.

Komabe filimu imatikonzekeretsa kuti tidzaifune njovuyo. Walira mvula walira matope. Manja amene tikuwakayikira pa za paboti ndi omwewo amene tidzawaombere m'manja usiku wa pa 8 August.

Pakati pa Rick ndi Cliff pamadutsa Sharon Tate, amene akuseweredwa ndi Margot Robbie, ndipo salankhula zambiri. Masana ena analowa m'nyumba ya kanema ku Westwood kukadzionera yekha mu The Wrecking Crew. Wogulitsa matikiti sanamuzindikire, mpaka anamupempha kuti aime pafupi ndi chithunzi cha filimuyo kuti anthu adziwe kuti ndi ndani. Iye sanakwiye. Anakhala pansi, anavula nsapato, anasanjika mapazi akuda ndi fumbi pampando wa kutsogolo, n'kumamvetsera anthu akuseka pamene iye wa pachinsalu akupunthwa ndi kugwa. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti wa pachinsaluyo si Robbie. Tarantino anasiya zithunzi za Tate weniweni. Mwa atatuwa, ndi yekhayu amene nkhope yake ndi kugwa kwake zili m'thupi limodzi, ndipo akusangalala nazo zonse ziwiri. Rick ndi Cliff ndi munthu mmodzi wong'ambidwa pakati, wina anatenga nkhope ndi mantha, wina anatenga msana ndi zipsera. Paja amati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Awa akakhala awiri ndi pamene amakwana munthu mmodzi.

Rick anapita ku Italy kuja. Miyezi 6, mafilimu 4, mimba inakula, ndipo anakwatira Francesca Capucci. Asanabwerere anamuuza Cliff, moyang'ana kumbali, kuti tsopano ndi wapabanja, ndalama sizikwanira, sangathenso kumusunga. Cliff anangovomera ngati wauzidwa kuti mawa kugwa mvula. M'ndege ya Pan Am, Rick ndi mkazi wake anakhala kutsogolo, kwa olemera. Cliff kumbuyo, kwa tonsefe. Wofotokoza nkhani amati Cliff anali woposa m'bale koma wosafika pa mkazi. Chilankhulo chimenechi sichachilendo kwa ife. Ndi nyumba zingati zimene zili ndi dalaivala, mlonda kapena mtsikana wantchito amene alendo akabwera amati uyu ndi wathu yemwe, ndi mwana wa m'nyumba muno? Ubale wake umatha tsiku limene ndalama zavuta, ndipo pamenepo ndi pamene amazindikira kuti sanalembedwe paliponse.

Ndisaloze ena okha. Tsiku lina m'mawa, mvula itagwa usiku wonse, ndinakwera kabaza pamtunda wina wautali. Ndinali nditakweza mapazi kuti nsapato zisade, foni ili kukhutu, ndikudandaulira mnzanga kuti zinthu zavuta, ndatopa, moyo ukundilemera. Pamene ndinadula foni ndi pamene ndinaona chimene chinali pamphuno panga nthawi yonseyo: malaya a mnyamatayo atamata pamsana ndi thukuta, mitsempha ya m'khosi itatuluka, akupalasa choimirira, matope atamufika m'mawondo. Zonse ndinanena pafoni zinali zoona. Anazimvanso zonse. Pofika pamwamba ndinayamba kunenerera mtengo, mwachizolowezi.

Usiku wa pa 8 August 1969, awiriwa anapita kukamwa mowa wotsanzikana. Atabwerera kunyumba, Cliff anasuta ndudu yonyikidwa m'mankhwala ozunguza bongo n'kupita kokayendetsa galu. Galimoto yaphokoso inaima pamsewu, muli anthu 4 a gulu la Manson, otumidwa kukapha onse a m'nyumba ya Tate. Rick anatuluka atavala mkanjo wogonera, jagi ya mowa m'manja, n'kuwalalatira mpaka anabwerera m'mbuyo. Ali kumunsi, anazindikira kuti wowalalatirayo ndi Jake Cahill, amene ankamuonera ali ana. Mmodzi anati popeza TV ndiyo inawaphunzitsa kupha, akaphe mphunzitsiyo. Wina anachita mantha n'kuthawa ndi galimoto. Atatu otsalawo anakwera mtunda wapansi, mipeni ndi mfuti m'manja.

Anadzera nkhope, koma anakumana ndi msana. M'nyumbamo anapeza Cliff, chitini cha chakudya cha galu chili m'manja, mutu uli m'mitambo, akuwafunsa ngati ndi anthu enieni. Mmodzi wa iwo, Tex Watson, anamuloza ndi mfuti. Iye anamuloza ndi chala, akuseka. Kenako analiza lilime kamodzi, monga m'kanyumba muja. Zimene zinatsatira sindizifotokoza zonse. Ndi nkhanza zotalika, makamaka pa atsikana awiri a m'gulumo, ndipo zinajambulidwa kuti tiseke. Ndinaseka, ndipo kuseka kumeneko sindinakhale nako bwino mpaka lero, chifukwa ndinali nditaona kale za paboti.

Nanga mwini filimu ali kuti? Ali pampando wake woyandama, padziwe, mahedifoni m'makutu, akuimba nawo nyimbo. Nyumba yake yasanduka kophera nyama, iye sakumva kanthu. Anadzidzimuka pokhapokha mtsikana mmodzi, atathyokathyoka kale, atatulukira pawindo lagalasi n'kugwera m'dziwemo akukuwa, mfuti ili m'manja. Rick anathamangira m'kanyumba ka zipangizo n'kutulutsa mfuti yolavula moto imene anasunga kuchokera m'filimu yake yakale, The 14 Fists of McCluskey, yomwe pophunzira kuigwiritsa ntchito ankadandaula kuti ikutentha. Anamuwotcha mtsikanayo ali m'madzi. Chithunzi chachikulu, chamoto, chokumbukika, chinapita kwa iye, monga mwa nthawi zonse.

Tsopano chiuno chija. Pa ndewuyo Cliff anabayidwa ndi mpeni, ndipo unalowa m'chiuno. Buku limene Rick analirira masana aja, la katswiri wogwa n'kuvulala m'chiuno, amene phindu lake likucheperachepera, silinali la Rick. Munthu wa zaka zake, wopanda ntchito kuyambira mawa, amene chuma chake chonse ndi thupi, akutuluka pamachira ndi bala pamalo omwewo. Rick analira maliro a mnzake akuyesa ndi ake, ndipo sindikhulupirira kuti anazindikira. Pakhomo la ambulansi anamuuza kuti ndi bwenzi labwino. Cliff anati amayesetsa. Anamuletsanso kumuperekeza kuchipatala, kuti akhale ndi mkazi wake, adzabwere mawa.

Ndimupatse Rick chilungamo chake: sananene kuti kulibe mame. Jay Sebring, mnzake wa Tate, atatsika kudzafunsa pa geti kuti kwachitika chiyani, Rick ananena zoona, kuti mnzake ndi galu wake ndiwo apha awiri, iye wangomaliza wachitatu. Koma chimene chinawalitsa maso a Sebring ndi mfuti yamoto ija, poti anaikumbukira m'filimu. Apa ndi pamene ndinaona kuti mwambi wathu uli ndi mbali imene sutchula. Umalangiza wokwera kuti asamale pakamwa, ndipo n'zoona. Koma ngakhale wokwerayo atanena zoona, oimirira m'mbali mwa njira amaona iye, poti ndiye ali pamwamba. Ndipo njovu, mwambiwu suiuza kanthu. Suifunsa ngati yazizidwa. Timangoganiza kuti chikopa chake n'chokhuthala.

Mawu a Sharon Tate anamveka pa kachipangizo ka pa geti, akufunsa ngati onse ali bwino, n'kumuitana Rick kuti akwere adzamwe kanthu. Kumayambiriro kwa filimu Rick ananena kuti phwando limodzi lokha kwa aneba akewa lingamulowetse m'filimu ya Polanski. Geti imene kwa iye inali yotseka filimu yonse inatseguka. Kamera inakwera m'mwamba, ikumuona akulandiridwa, ndipo pamenepo ndi pamene dzina la filimu linalembedwa, mawu amene Azungu amayambira nthano, monga ife timati padangokhala.

Ndi nthanodi. Usiku weniweniwo kunalibe Cliff Booth. Anaphedwa anthu 5: Sharon Tate, wa zaka 26, ali ndi pakati pa miyezi yoposa 8, Jay Sebring, Abigail Folger, Wojciech Frykowski, ndi Steven Parent, mnyamata wa zaka 18 amene anangobwera kudzacheza ndi wosamalira pamalopo, ndipo dzina lake ndilo limaiwalika kawirikawiri. Tarantino, amene anali ndi zaka 6 chaka chimenecho, anagwiritsa ntchito ufulu wa wokamba nthano kubweza mipeni pakhomo lina n'kuwasiya amoyo. Anatha kusintha mbiri, anatha kuukitsa akufa. Koma ngakhale m'nthano yakeyake sanathe, kapena sanafune, kulowetsa Cliff pa geti ija. Ena amati pamenepa filimu inalephera. Ine ndimati m'filimu yonama usiku wonse, apa pokha ndi pamene inakana kunama, ndipo n'chifukwa chake ndimaibwerezabe ngakhale ili ndi zondinyansa.

Ubwenzi wa Rick ndi Cliff, Tarantino anautengera pang'ono kwa Burt Reynolds ndi womugwera wake Hal Needham, amene anakhala zaka zambiri m'nyumba ya alendo kwa Reynolds. Needham mwayi unamugwera: anadzakhala wotsogolera mafilimu, n'kupanga Smokey and the Bandit mu 1977. Ambiri a ntchito yake amathera ngati Easy Breezy. Pa 9 February 2020, filimu ya Tarantino, imene inapikisana nawo m'magawo 10 a mphoto za Oscar, inapata ziwiri, ndipo imodzi inapita kwa Brad Pitt. DiCaprio anabwerera chimanjamanja. Mungati njovu inapambana, koma taonani dzina la mphotoyo: wosewera wothandizira. Ndiponso anailandira ndi katswiri wa nkhope yodziwika dziko lonse, amene iye mwini wakhala ndi omugwera ake. Mmodzi wa iwo, David Leitch, anamugwera mu Fight Club mu 1999. Pitt, kunena zoona, sanaiwale. Ali pa nsanja, mphoto ili m'manja, anapempha kuti nthawi yakwana yoti a ntchito yogwa nawonso aziwakumbukira.

Bungwe lopereka mphotozi linayankha mu April 2025, kuti likhazikitsa gawo lawolawo. Mwambo woyamba wa Oscar unachitika mu 1929. Mphoto ya ogwera anzawo idzaperekedwa koyamba mu 2028, pa mwambo wa nambala 100.